Kano mpaka Jeddah: zaka za panjira zidapita kuti?



Abale ndi alongo, Ramadhan ikamafika pakatikati, m'makomo ena nkhani ya Hajj imakhala itayamba kale kumveka pa mkeka wa futari. Bambo akuwerengetsa zomwe asunga, mayi akufunsa za pasipoti, ndipo mwana wasukulu watenga foni kuti awauze agogo ake maola omwe ndege imatenga. Funso la mwanayo ndi labwino. Lero ndikufuna tilitengere kutali pang'ono, ku West Africa, pa njira yomwe mbiri yake idalembedwa mokwanira: yochokera mumzinda wa Kano, kumpoto kwa Nigeria, kukafika ku Jeddah, khomo lolowera ku Makkah.

Tiyambe ndi manambala. Kuchokera pa bwalo la ndege la Mallam Aminu Kano kukafika pa bwalo la King Abdulaziz ku Jeddah, mukayeza mowongoka ngati mwakoka chingwe, pali makilomita pafupifupi 3,400. Kwa ife kuno tingati ndi kuyenda msewu wa Blantyre kupita ku Lilongwe ka 11. Ndege zikuluzikulu za masiku ano zikakhazikika m'mwamba zimathamanga makilomita 850 mpaka 900 pa ola, choncho mukaphatikiza kukwera ndi kutsika, ulendowu umatha m'maola anayi ndi theka kapena asanu. Wotchi ya ku Jeddah ili patsogolo ndi maola awiri poyerekeza ndi ya ku Kano. Wonyamuka 10 koloko usiku amatera cha m'ma 5 koloko m'bandakucha, ngakhale m'mwambamo wakhalamo maola asanu okha. Mtunda wa Lilongwe ndi Jeddah ndi wotalikirako pang'ono, makilomita pafupifupi 4,000, kungoti a kwathu kuno kawirikawiri amasintha ndege panjira, monga ku Addis Ababa, ndipo kudikira kumeneko ndi komwe kumatalikitsa ulendo.

Tsopano tiyezenso mtunda wa Kano womwewo ndi miyendo. Gulu la ngamira kapena abulu osenza katundu limayenda makilomita ngati 30 patsiku. Mukagawa 3,400 ndi 30 mupeza masiku 113, miyezi inayi yosakwana. Onjezeranipo kukhotakhota kwa njira, masiku opuma ndi kuwoloka Nyanja Yofiira, mwina mufika pa theka la chaka. Koma anthu wamba a ku Kano, Katsina ndi Borno sankatha theka la chaka. Ankatha zaka. Ena ankanyamuka khanda lili kumsana n'kukafika nalo likuwerenga lokha Qur'an. Ena sadafike n'komwe, ndipo zidzukulu zawo zikadali panjira mpaka lero. Kutalika kwa mtunda pakokha sikungatiuze chomwe chinkadya zaka zimenezi.

Mafumu ankayenda mwachangu. Njira yawo yakale inkadula chipululu cha Sahara kulowera kumpoto chakum'mawa mpaka ku Cairo, komwe ankaphatikana ndi gulu lalikulu la ma Haji a ku Egypt. Mansa Musa, mfumu ya Mali, adafika ku Cairo mu 1324, ndipo golide yemwe adamwaza kumeneko adagwetsa mtengo wa golide mumzindamo, moti mlembi al-Umari adapeza anthu akusimbabe patapita zaka 12. Chomwe ambiri amaiwala n'chakuti pobwerera mfumu yolemera chonchiyo idachita kukongola ndalama kwa amalonda a ku Cairo kuti ikafike kwawo. Askia Muhammad wa ku Songhai adanyamuka mu 1496 nabwerera mu 1498. Zaka ziwiri, ndi asilikali, ndi golide, ndi alangizi odziwa zitsime. Kufupi ndi Kano, mafumu a Kanem ndi Borno, a m'mbali mwa nyanja ya Chad, adaizolowera njirayi mpaka m'zaka za m'ma 1200 adali ndi nyumba yawoyawo ku Cairo yofikira ophunzira ndi ma Haji. Mndandanda wa mafumu awo umasimba za Mai Dunama, yemwe adamira m'nyanja pa ulendo wake wachitatu wa Hajj.

Ngati mafumu zinkawavuta chonchi, nanga mlimi? Ngakhale akuluakulu a maphunziro ena sadaione Ka'bah. Shehu Usman dan Fodio (Allah awachitire chifundo), omwe adakhazikitsa ulamuliro wa Sokoto kuyambira mu 1804, ali mnyamata adatsagana ndi mphunzitsi wawo, Sheikh Jibril ibn Umar, mpaka ku Agadez. Mphunzitsiyo adapitirira ku Makkah, koma wophunzirayo adabwezedwa chifukwa bambo awo adali asadawaloleze ulendo wotalika chotero. Adamwalira mu 1817 asadachite Hajj.

Anthu wamba adali ndi njira yawo. Mzere wowongoka womwe ndege imatsata umadutsa kumpoto kwa nyanja ya Chad, n'kulowa m'chipululu chouma cha kumpoto kwa Chad ndi Sudan, komwe woyenda wapansi wopanda ngamira sangathe masiku atatu. Iwo ankatsata kumwera kwa mzerewo, m'dziko la udzu ndi mitengo ya minga, momwe muli midzi, zitsime ndi minda ya mapira: Borno, Bagirmi, Wadai, Darfur, Kordofan, kenako mtsinje wa Nile, mpaka pa doko la Suakin. Pa Suakin pamatsala madzi okha, makilomita ngati 300 kukafika ku Jeddah. Mzungu wina wa ku Switzerland, Johann Ludwig Burckhardt, adayenda ndi anthu oterewa mu 1814 kuchokera ku Shendi kupita ku Suakin, ndipo adalemba za umphawi wawo ndi kulimba mtima kwawo. Arabu ankawatcha Takruri, kapena Takarna akachuluka.

Apa pali mfundo ya fiqh yomwe ophunzira ayenera kuigwira, chifukwa popanda iyo anthu amenewa tingawaone ngati osaganiza. Tonse tikudziwa kuti Hajj ndi fardh kwa yemwe ali ndi kuthekera. Koma kuthekerako n'chiyani? Madh-hab a Imam Shafi'i, omwe ambiri kuno timatsatira, amatchula kamba wa paulendo ndi chokwera kwa munthu wokhala kutali. Madh-hab a Imam Malik, omwe ndi a ku West Africa, amaona kuti munthu wamphamvu, wotha kuyenda wapansi, yemwe ali ndi luso lomudyetsa panjira, ali nako kuthekera ngakhale alibe ngamira. Choncho telala wa ku Kano wokhala ndi singano yake, wometa wokhala ndi lumo lake, mwalimu wokhala ndi thabwa lolembapo ndi inki, onsewa ankatha kudziona kuti njira yawatsegukira. Chikwama chawo chidali m'manja mwawo.

Ndipo umu ndi momwe zaka zinkathera. Munthu ankayenda mpaka kamba atatha, n'kuima. Ankalima ganyu, kutunga madzi ogulitsa, kutema nkhuni, kusoka, kuphunzitsa ana a eni mudzi Qur'an. Amayi ankaphika zakudya zogulitsa pamsika. Mvula ikayamba, dothi lakuda la m'zigwa za Chad ndi Sudan limasanduka matope omata, ndiye kunali kupempha munda kwa mfumu, kudzala, kupalira, kudikira kukolola. Chaka chatha. Mwana akabadwa kapena wina akadwala, chaka chinanso. Ndipo popeza Hajj ili ndi masiku ake m'mwezi wa Dhul-Hijjah, wofika pa doko mochedwa ndi sabata imodzi yokha ankadikira miyezi 12. Akatsiriza Hajj, ulendo wobwerera unkafuna ndalama zake, zosakidwanso mwa njira yomweyo.

N'chifukwa chake kutsanzikana kunkafanana ndi maliro. Ngongole zinkabwezedwa, chuma chinkagawidwa, kukhululukirana kunkachitika poyera. Nkhani yovuta kwambiri idali ya banja: kodi mkazi atsagana ndi mwamuna wake, kapena adikira? Akadikira, adikira mpaka liti, popeza kulibe kalata, ndipo uthenga wa imfa ungafike patapita zaka kudzera mwa wobwerera wina?

Sikuti zaka zimenezi zinkangotayika. Al-Hajj Umar Tall wa ku Futa Toro, m'mbali mwa mtsinje wa Senegal, adanyamuka m'zaka za m'ma 1820, nakafika ku Makkah cha m'ma 1828. Pobwerera adakhala zaka zingapo ku Sokoto, komwe adakwatira mwana wa Sultan Muhammad Bello, ndipo kwawo kumadzulo adafikako cha m'ma 1840. Adachoka ali mwalimu wachinyamata, adabwerera ali sheikh wodziwika dera lonselo. Njirayi idali madrasa yaitali: mabuku ankakopedwa pamanja pamalo opumira, zilolezo zophunzitsira zinkaperekedwa, zilankhulo zinkaphunziridwa. Ngakhale Kano yeniyeniyo idapindula motero. Mbiri ya a Wangara, ophunzira ochokera ku Mali, imasimba kuti adanyamuka ndi cholinga cha Hajj, koma atafika ku Kano adakhazikika n'kukhala aphunzitsi a mzindawo.

Chaka cha 1903 chidasandutsa njirayi kukhala mtsinje wa anthu. Mu February asilikali a Britain adalanda Kano, mu March adalanda Sokoto. Sultan Attahiru woyamba adakana kukhala pansi pa atsamunda, ndipo adayamba ulendo wa kum'mawa, kulowera ku Makkah. Anthu zikwizikwi adasiya minda ndi nyumba n'kumutsatira. Asilikali adamulondola, ndipo pa 27 July 1903 adaphedwa pa nkhondo ya ku Burmi pamodzi ndi anthu ake mazanamazana. Mwana wake, Muhammad Bello, wodziwika ndi dzina loti Mai Wurno, adatsogolera otsala mpaka ku Sudan. Adakhazikika m'mbali mwa mtsinje wa Blue Nile, pafupi ndi Sennar, ndipo tauni yomwe adamanga imatchedwa Maiurno mpaka lero. Idakhala malo ofikira ma Haji a ku Nigeria kwa mibadwo.

Sudan idawafuna anthuwa, koma idawafunira manja awo. Damu la Sennar litatha mu 1925, minda ikuluikulu ya thonje yothirira ya Gezira inkasowa antchito, ndipo a West Africa, omwe kumeneko amatchedwa Fellata, ndi omwe ankatola thonje lambiri. Ganyu idalipo, koma ngongole nazonso zidalipo, ndipo munthu wongotsala ndi gawo laling'ono la ulendo ankapezeka wakalamba m'munda wa mwini wake. Katswiri wina wa ku Ghana, C. Bawa Yamba, adakhala pakati pa anthuwa ndipo mu 1995 adatulutsa buku lotchedwa Permanent Pilgrims. Adapeza anthu obadwira ku Sudan, a m'badwo wachitatu, wachinayi mpaka wachisanu, omwe ankadzitchabe apaulendo wa Hajj, ena osafuna n'kumanga nyumba zolimba poti mawa kapena mkuja anyamuka. Ine ndikamawerenga zimenezi sindidziwa ngati ndiwamvere chisoni kapena ndiwasirire. Niyyah yomwe agogo adamanga ku Kano, zidzukulu zikuisungabe pamphepete pa Nile.

Omwe adawoloka nyanja n'kusabwerera nawonso adasiya mbewu. Mayina a mabanja a ku Saudi Arabia monga Hawsawi, Fallatah ndi Barnawi amatanthauza wa Chihausa, wa Chifulani ndi wa ku Borno. Achinyamata okonda mpira akumbukira Osama Hawsawi, wobadwira ku Makkah, yemwe adali kaputeni wa timu ya Saudi Arabia pa World Cup ya 2018.

Pali mbali ina yomwe sitiyenera kuibisa. Njirayi idalinso njira ya ukapolo. Achifwamba ankagwira apaulendo osowa owateteza, ndipo anthu ena oipa mtima ankanyamuka ndi ana a eni ake ponamizira kuwatengera ku Hajj, n'kukawagulitsa kutsidya kwa nyanja. Saudi Arabia idathetsa ukapolo mwalamulo mu 1962. Maboma a atsamunda, mwa zina pofuna kuletsa zimenezi ndi matenda monga kolera, koma mwa zinanso poopa kuti ma Haji angabwere ndi maganizo oukira, adakhazikitsa ziphaso, ndalama za chikole ndi malo obindikiritsira anthu ku Suakin. Osauka omwe sakadatha kulipira ankazemba, n'kuwoloka usiku pa ngalawa zamatanga. Ena ankatsitsidwa pagombe lopanda madzi, kutali ndi Jeddah.

Makina adalowa pang'onopang'ono, ndipo adayambira kumapeto kwa njira. Port Sudan idatsegulidwa mu 1909, njanji idafika ku El Obeid cha m'ma 1912, ndipo gawo lakum'mawa lidayamba kuyendedwa pa sitima. Kenako kudabwera malole. Pofika m'zaka za m'ma 1940 amalonda a ku Kano adali ndi malole onyamula ma Haji kudutsa ku Maiduguri, Fort Lamy (lero N'Djamena), Abéché, El Geneina ndi El Fasher mpaka ku El Obeid. Wokhala ndi ndalama zokwanira ankatha tsopano kufika m'masabata. Wopanda ndalama ankatsika pomwe tikiti yake yathera n'kuyamba ganyu, monga ankachitira agogo ake.

Ndege yoyamba kutera ku Kano sidabwere ndi nkhani ya Hajj. Zidali ndege zitatu zankhondo za Britain, motsogozedwa ndi Arthur Coningham, zomwe zidanyamuka ku Helwan, pafupi ndi Cairo, pa 27 October 1925 ndi kutera ku Kano pa 1 November. Mu 1936 kampani ya Imperial Airways idayamba maulendo okhazikika pakati pa Khartoum ndi Kano. Taonani malo omwe ndege zake zinkatera kuti zimwe mafuta: El Obeid, El Fasher, El Geneina, Fort Lamy, Maiduguri. Ndi malo omwewo a apaulendo apansi. Ndege za nthawiyo sizinkatha kuuluka kutali osatera, choncho nazo zinkafuna zomwe bulu ankafuna: malo okhala anthu, madzi ndi popumira. Pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, Britain inkalumikiza ndege pa doko la Takoradi ku Gold Coast, yomwe lero ndi Ghana, n'kuziulutsa pa njira yomweyi kupita ku Egypt. Zidadutsa ndege zoposa 5,000, ndipo nkhondo itatha mabwalo adatsala.

M'zaka za m'ma 1950 ma Haji adayamba kukwera. Ndege za mapulopela anayi monga DC-4 zinkathamanga makilomita ngati 360 pa ola, kutanthauza maola pafupifupi 10 m'mwamba, kuphatikizapo kutera panjira. Mu 1955 Ahmadu Bello, Sardauna wa ku Sokoto, adachita Hajj yake yoyamba. Iyeyu adali wa banja lomwelo la Shehu Usman dan Fodio. Kholo lidabwerera pa Agadez, wachibale adafera ku Burmi nkhope italoza kum'mawa, koma mdzukulu adapita n'kubwerako m'masabata ochepa, ndipo pambuyo pake ankapitako pafupipafupi. Ndege za jeti monga Boeing 707 zitabwera, maola 10 aja adatsika kufika pa asanu. Ndalama za mafuta a pansi zitasefukira ku Nigeria m'zaka za m'ma 1970, chiwerengero chidakwera mpaka ma Haji oposa 100,000 mu 1977. Nthawi yomweyo njira yapansi inkatsekeka: nkhondo yapachiweniweni idayamba ku Chad mu 1965, ndipo maiko odziimira paokha adakhwimitsa malire kuposa momwe atsamunda adachitira.

Zabwino za kusinthaku n'zoonekeratu, ndipo wonyoza ndege ndi amene sadaikepo m'bale wake m'manda a panjira. Nkhalamba zomwe sizikadatha kuyenda sabata imodzi zidaona Arafat. Amayi adayamba kupita mwaunyinji. Bambo wopita ku Hajj adayamba kubwerera ana ake akumukumbukirabe nkhope. Mayina a Alhaji ndi Hajiya, omwe kale adali osowa, adafika m'mudzi uliwonse.

Koma funso lathu lija likadalipo: zaka zija zidapita kuti? Maganizo anga ndi akuti sizidathe, zidangosamuka. Njira yapansi inkalandira malipiro ake pang'onopang'ono, lero thumba la mapira, mawa tsiku la ganyu, ndipo munthu wopanda kalikonse ankatha kutseka chitseko n'kuyamba. Ndege imafuna ndalama zonse pamodzi, munthu asadakwere. Telala uja wa singano, yemwe kale ankasoka akusendera kum'mawa, lero amasoka ali pakhonde pake ku Kano zaka 10 kapena 20, kuyembekeza kuti zomwe wasunga zipose kugwa kwa naira ndi kukwera kwa mtengo. Kudikira komwe kunkachitika ku Wadai ndi ku Gezira kukuchitikira kunyumba. N'kwabwino kuposa kale, chifukwa akudikira ali ndi banja lake, koma khomo la wosaukitsitsa, lomwe miyendo inkatsegula, lidatsekeka. Pamwamba pa izo, kuyambira mu 1988 dziko lililonse lili ndi chiwerengero chake, pafupifupi munthu mmodzi pa Asilamu 1,000 aliwonse, ndipo cha Nigeria mu 2023 chidali 95,000. M'maiko ngati Indonesia ndi Malaysia munthu amalembetsa n'kudikira zaka makumi ngakhale ndalama ali nazo.

Liwiro lidabweretsanso mafunso omwe a ngamira sankawadziwa. Woyenda wapansi kapena pa ngalawa ankafika pa miqat ali ndi nthawi yosamba, kuvala ihram ndi kuswali mosathamanga. Ndege imadutsa makilomita 15 pa mphindi imodzi. N'chifukwa chake opita ku Makkah kudzera ku Jeddah amalangizidwa kuvaliratu asadakwere, kapena nthawi ikadalipo, n'kungodikira chilengezo cha woyendetsa ndege kuti amange niyyah. Opita ku Umrah m'mwezi uno ali ndi funso lawo. Wouluka kulowera kum'mawa amalipeza dzuwa likulowa msanga, ndipo tsiku lake la kusala limafupika ndi maola ngati awiri. Wobwerera kumadzulo amalithamangitsa dzuwa, tsiku n'kutalika. Ma ulama ambiri amati wosala ali m'ndege amasule akaona dzuwa litalowa pomwe iye ali, osati potengera wotchi ya komwe wachokera, ndipo chilolezo cha wapaulendo chosiya kusala n'kudzabweza chilipobe.

Ndipo imfa sidachoke panjira, idangosintha kabweredwe. Kale inkatenga mmodzimmodzi. Pa 22 January 1973 ndege ya Boeing 707 ya kampani ya Alia ya ku Jordan, yobwerekedwa ndi Nigeria Airways, inkachokera ku Jeddah ndi ma Haji kupita ku Lagos. Nyengo itaipa idapatukira ku Kano, ndipo potera idachita ngozi n'kuyaka. Mwa anthu 202 adamwalira 176, ngozi yomwe panthawiyo idali yaikulu kuposa zonse m'mbiri ya ndege. Pa 11 July 1991 ndege ya DC-8 yopita ku Sokoto idanyamuka ku Jeddah matayala ena alibe mpweya wokwanira. Adaphulika pothamanga, moto udalowa nawo m'mimba mwa ndege, ndipo poyesa kubwerera idagwa pafupi ndi bwalo. Onse 261 adamwalira. Adali atamaliza Hajj yawo, mphatso za ana zili m'zikwama. Allah awakhululukire ndi kuwalandira.

Tisaiwalenso kuti maola asanu ndi a m'mwamba mokha. Aliyense yemwe adapitako akuuzani za masiku ogona pa msasa wa ma Haji kudikira ndege yochedwa, ndi za mizere ya ziphaso potera. Omanga bwalo la Jeddah ankadziwa zimenezi. Hajj Terminal, yomwe idatsegulidwa mu 1981, ili ndi madenga 210 ooneka ngati mahema, ndipo injiniya wake wamkulu adali Fazlur Rahman Khan, wobadwira ku Dhaka. Adaimanga ngati mudzi wa mthunzi momwe anthu zikwi makumimakumi angagone, kuphika, kutawadha ndi kuswali podikira mabasi a ulendo wotsala wa makilomita pafupifupi 100 kukafika ku Makkah. Ndi Suakin ina, yokhala ndi denga labwino.

Ngakhale maola asanuwo si lonjezo. Pa 15 April 2023, mkati mwa masiku khumi omaliza a Ramadhan, nkhondo idabuka ku Khartoum pakati pa asilikali a boma ndi gulu la Rapid Support Forces. Ndege zidaphwanyidwa zili pabwalo, ndipo mlengalenga mwa Sudan mudatsekedwa. Hajj idali itatsala ndi miyezi iwiri ndi masabata ochepa. Ndege za ma Haji a ku Nigeria zidayenera kuizungulira Sudan, dziko lomwe lili pakatikati pa mzere wowongoka uja, ndipo maola adachuluka, mafuta adachuluka, mtengo udakwera. Mayina omwe tawatchula ngati malo opumira, El Geneina, El Fasher, El Obeid, adayamba kumveka pa wailesi ngati malo a kuphana ndi njala. Mu December 2023 nkhondo idalowa ku Gezira, ndipo mu 2024 idafika m'chigawo cha Sennar, komwe kuli zidzukulu za anthu a Mai Wurno.

M'masabata oyamba a nkhondoyo, sitima zapamadzi zidadzazanso pa Port Sudan kuwolokera ku Jeddah, zitanyamula anthu zikwizikwi a maiko osiyanasiyana, koma palibe yemwe adavala ihram. Ophunzira a ku Nigeria omwe ankaphunzira m'mayunivesite a ku Khartoum adakwezedwa mabasi. Ena adalowera ku Port Sudan. Ena adalowera kumpoto, ku malire a Egypt, komwe adagona panja masiku angapo kudikira chilolezo cholowera, asadakwere ndege ku Aswan yobwerera kwawo.